Unzika wa Britain wochokera kwa kholo: njira youtsimikizira muli kuno kumudzi

Ngati bambo kapena mayi anu anali nzika ya Britain pa tsiku limene munabadwa, n'kutheka kuti inunso ndinu nzika ya dzikolo kuyambira tsiku lomwelo, ngakhale munabadwira ku Zomba ndipo ndege simunakwerepo. Unzika wotere sachita kupempha, ndipo palibe munthu angakugulitseni. Ulipo kale kapena palibe. Ntchito yanu ndi kuonetsa ndi mapepala kuti ulipo. Ndaona anthu ambiri amene anali nawo ndithu ufuluwu akubwezedwa, ndipo pafupifupi onse amagwa pamalo amodzi. Tifikapo, koma tiyambe taona ngati nkhaniyi ikukukhudzani n'komwe.

Choyamba, tengani pasipoti ya kholo lanulo muwerenge pamzere wa unzika. Payenera kulembedwa kuti British Citizen. Mapasipoti a British Overseas Citizen ndi British Protected Person amafanana chikuto ndi inayo, koma sapatsa mwini wake ufulu wokhazikika ku Britain, nanji mwana wake. Pasipoti yotuluka 1983 isanafike imalembedwa mwina, kuti Citizen of the United Kingdom and Colonies, ndipo pamenepo chimene muyang'ane ndi kumene khololo linabadwira. Ndinenenso msanga za nkhani imene imazungulira pa WhatsApp, yakuti aliyense amene bambo ake anabadwa nthawi ya atsamunda ali ndi gawo ku Britain. Ndi bodza. Pa 6 Julayi 1964, pamene Nyasaland inakhala Malawi, anthu ambiri obadwira kuno anakhala nzika za Malawi ndipo za unzika wa Britain zinathera pomwepo. Kuti agogo anu anali msilikali wa King's African Rifles ndi mbiri yonyaditsa, koma pa nkhani ya pasipoti sikukuthandizani.

Kenako funsani kuti khololo linaupeza bwanji unzikawo, chifukwa lamulo la British Nationality Act 1981 limasiyanitsa. Amene angapatsire mwana wobadwira kunja ndi amene anaupeza pobadwira ku UK, kapena amene anakhala kumeneko mpaka boma kumupatsa setifiketi ya unzika. Chaka cha 1983 chisanafike, pafupifupi mwana aliyense wobadwira ku UK ankakhala nzika, kupatula ana a akazembe. Choncho ngati mayi anu anabadwira ku Edinburgh mu 1975 agogo anu ali pa sukulu, n'kubwera kuno ali khanda, ndi nzika, ngakhale pasipotiyo sanaitengepo. Ngati ndi za setifiketi, yang'anani tsiku lake: liyenera kukhala la inu musanabadwe. Bambo amene anapita ku Leicester inu muli ku pulayimale n'kukalandira unzika pambuyo pake sanakupatsireni kanthu pobadwa.

Koma ngati khololo nalonso linabadwira kunja kwa UK n'kutengera unzika kwa agogo anu, nthawi zambiri umathera pa ilo. Umatsika m'badwo umodzi wokha. Mwana wosakwana zaka 18 angathe kulembetsedwa mwapadera, makamaka ngati kholo linakhalako ku UK zaka zitatu zotsatizana mwanayo asanabadwe, koma akangokwanitsa zaka 18 mwayi umenewo watha. Akuluakulu amene agogo awo anabadwira ku UK akhoza kupempha viza ya UK Ancestry, ya zaka zisanu, imene nzika za Malawi, Zambia ndi Zimbabwe zimaloledwa kupempha. Imeneyo ndi viza yokagwira ntchito, si unzika, ndipo imadula.

Chachiwiri ndi tsiku lanu lobadwa. Ngati munabadwa pa 1 Julayi 2006 kapena pambuyo pake, bambo kapena mayi angathe kukupatsirani, kaya anali pabanja kaya ayi. Pakati pa 1 Januwale 1983 ndi 30 Juni 2006, mayi ankapatsira popanda vuto, koma bambo ankapatsira pokhapokha ngati anakwatirana ndi mayi anu movomerezeka, ngakhale ukwatiwo utachitika inu mutabadwa kale. Chaka cha 1983 chisanafike unzika unkadutsira kwa bambo okha, a pabanja. Boma la Britain linavomereza kuti malamulo akalewa anali a tsankho, ndipo linatsegula njira yolembetsera: fomu ya UKF kwa ana a bambo amene sanakwatirane ndi mayi, fomu ya UKM kwa obadwa 1983 isanafike kwa mayi wa unzika wa Britain. Amenewa amayamba alembetsa ku Home Office, pasipoti imabwera pambuyo. Kudumphira pa pasipoti musanalembetse ndi kutaya ndalama.

Mapepala a kholo savuta kupeza, ndipo sindichedwapo. Setifiketi yobadwira ya ku England ndi Wales mumaitanitsa pa intaneti ku General Register Office pa mtengo wosafika mapaundi 20. Ya ku Scotland ku National Records of Scotland. Itanitsani yaitali, yoonetsa mayina a makolo, osati yaifupi. Setifiketi ya unzika ikatayika, yotuluka pakati pa 1949 ndi Sepitembala 1986 ili ndi kope lake ku National Archives ku Kew, ndipo ya pambuyo pake mumapempha ku Home Office, kumene amalipiritsa mapaundi mazana angapo. Funsaninso ngati makolo anu anakalembetsa kubadwa kwanu ku ofesi ya kazembe wa Britain muli khanda. Ngati anatero, ntchito yanu yapepuka kwambiri.

Tsopano tafika pamene anthu amagwa. Kuonetsa kuti bambo uje ndi nzika ya Britain n'kosavuta. Chovuta ndi kuonetsa kuti inuyo, amene mukupempha lero, ndinu mwana wa bamboyo, wobadwa tsiku limene mukunenalo. Wa ku HM Passport Office amene atsegule envelopu yanu sakukudziwani, sadziwa mudzi wanu, ndipo mfundo imene amayendera ndi yakuti pepala lolembedwa nthawi imene chinthu chinachitika limalemera kuposa pepala lolembedwa dzulo. Gwirani mfundo imeneyi. Pepala la dzulo silingatsimikize palokha zimene zinachitika mu 1991.

Kuno kwathu kulembetsa mwana aliyense wobadwa kunayamba kukhala kokakamiza mu 2015, pansi pa bungwe la National Registration Bureau (NRB). Ambiri obadwa chisanafike chaka chimenecho anatenga setifiketi yobadwira ali akuluakulu, ena sabata yomwe aganiza zopempha pasipoti. Setifiketiyo ndi yeniyeni, ya boma, ya chidindo, ndipo muyenera kuitumiza. Koma imangobwereza zimene inuyo munauza kalaliki, ndipo a ku Britain akudziwa zimenezo. Imene amaikhulupirira kwambiri ndi yotuluka mwana asanakwanitse chaka chimodzi. Munthu amatumiza setifiketi ya chaka chatha, kuphatikizapo kalata ya amfumu ndi kalata yolumbira kwa loya, zonse za mwezi umodzi, n'kumadabwa atamulembera kuti umboni sukukwana. Mapepala atatu a dzulo ndi dzulo lomwelo.

Chimene muyenera kuchita ndi kupita kumudzi kukatsegula masutikesi. Funani khadi la kusikelo, limene mayi anu ankapita nalo kokakuyezetsani. Funani khadi limene ankayendera ali oyembekezera. Pitani kuchipatala kumene munabadwira mukafunse ngati kaundula wa chaka chimenecho alipo. Zipatala za mishoni zina zimasunga mabuku akalekale. Pitani ku parishi kapena ku mpingo kumene munabatizidwa, mupemphe kalata yochokera m'buku lenileni la ubatizo, yotchula tsiku limene dzina lanu linalowa m'bukumo ndi mayina a makolo monga analembedwera. Tengani malipoti a ku pulayimale, masetifiketi a MANEB, zithunzi za inu muli wakhanda muli ndi khololo, makalata amene bambo ankalemba, malisiti a ndalama zimene ankatumiza. Koposa zonse, funani mapasipoti akale a makolo onse awiri. Zidindo za pa bwalo la ndege la Chileka kapena la Kamuzu zoonetsa kuti bambo anali m'dziko muno miyezi isanu ndi inayi inu musanabadwe zimayankha funso limene kalata yolumbira singayankhe. Ngati mmodzi mwa makolo anu sanali Mwafirika, n'kutheka kuti munalembetsedwa kale muli khanda pa lamulo lakale. Funsani ku Registrar General ku Blantyre ndi ku NRB musanatenge setifiketi ina. Kulembetsedwa kawiri ndi mayina osiyana kumabweretsa mafunso oposa kusalembetsedwa.

Mukasonkhanitsa, yalani zonse pamphasa muyerekeze mayina ndi masiku, chilembo ndi chilembo. Apa ndi pamene mtima umagunda, chifukwa kawirikawiri sizifanana. Pa khadi la kusikelo muli ndi dzina la kubadwa, ku ubatizo munalandira lina, kusukulu analemba dzina loyamba la bambo ngati dzina la banja, pa chiphaso cha unzika pali chiwongo. Ena analeredwa ndi amalume kapena bambo owapeza ndipo anatenga dzina lawo. Ena anasintha dzina ndi chaka chobadwa pofuna kubwereza Sitandade 8. Kwathu kuno zimenezi sizidabwitsa munthu. Kwa wowerenga wa ku Britain, awa ndi anthu atatu osiyana mpaka mutamuonetsa kuti ndi mmodzi.

Musakonze pepala lakale. Ndibwereze: musafufute, musalembe pamwamba, musapereke khadi kwa dobadoba kuti akupangireni lina looneka lakale. Anthu amenewa amakulonjezani kuti zonse zifanana, ndipo zimafananadi, mpaka ofesi ya ku Britain itafunsa kuchipatala kapena ku parishi n'kupeza kuti m'buku mulibe. Pepala limodzi lachinyengo limaipitsa onse abwino amene ali nalo mu envelopu, ndipo dzina lanu limatsala m'kaundula wawo ngati la munthu wonama. Ufulu umene unali wanu weniweni mwauika pachiswe chifukwa cha mantha a chilembo chimodzi. Njira yake ndi kutumiza mapepala monga alili, n'kulemba kalata ya tsamba limodzi kapena awiri yofotokoza kusiyana kulikonse: dzina ili ndinalandira pa ubatizo chaka chakuti, ili ndi la amalume amene anandilera, umboni wake ndi uwu. Kalata yolumbira imagwira ntchito pano, kulumikiza mapepala akale amene alipo, osati kulowa m'malo mwawo. Dziwaninso kuti HM Passport Office imafuna kuti dzina la pa pasipoti ya Britain lifanane ndi la pa pasipoti yanu ya Malawi, choncho ngati ya Malawi ili ndi cholakwa, kakonzetseni ku Immigration mwa njira yake musanapemphe.

Ngati mlandu wanu wadalira ukwati wa makolo, setifiketi ya kutchalitchi kapena ya kwa DC imathetsa nkhani. Ukwati wa chinkhoswe ndi ukwati pa malamulo a Malawi, koma kuutsimikizira patapita zaka makumi atatu n'kovuta. Ankhoswe amene adakali moyo alembe umboni wawo tsopano, ndipo ngati sukukwana, fomu ya UKF ija ilipo. Ngati mayi anu anali adakali pa ukwati wa boma ndi mwamuna wina pamene munabadwa, lamulo la Britain limayamba latenga mwamunayo ngati bambo anu, ndipo pamenepo musayende nokha, funani loya wodziwa za unzika. Kuyezetsa DNA sakakamiza, koma mapepala akachepa ndipo bambo ali moyo, kumathandiza kwambiri, bola kuchitike ku labotale yovomerezeka, ndi mboni yoona kuti zoyezedwazo zatengedwa kwa anthu enieniwo. Mtengo wake ndi mapaundi mazana angapo. Pepala lililonse la m'Chichewa kapena Chitumbuka litsagane ndi lomasuliridwa m'Chingerezi ndi womasulira amene wasaina n'kulemba dzina ndi adiresi yake.

Kupempha kwenikweniko n'kwachidule. Ofesi ya kazembe wa Britain ku Lilongwe sipereka mapasipoti. Mumadzaza fomu pa tsamba la gov.uk, ndipo tsambalo limakuuzani kotumiza mapepala enieni, osati mafotokope. Pasipoti ya munthu wamkulu wopempha ali kunja imadya mapaundi 100 ndi kanthu, kuwonjezapo zotumizira. Mudzafunika munthu wa ntchito yodziwika, wosakhala wachibale, amene wakudziwani zaka ziwiri, kuti atsimikize kuti ndinudi, ndipo a ku HM Passport Office angathe kukuitanani kuti akufunseni mafunso. Njira ina ndi Certificate of Entitlement, yotsimikizira ufulu wokhala ku UK mukuyendera pasipoti ya Malawi, koma imakwana mapaundi pafupifupi 600 ndipo umboni wake ndi womwewo. Imathandiza makamaka nzika za Malawi zobadwa 1983 isanafike kwa mayi wobadwira ku UK, zimene zili nawo kale ufulu wokhala kumeneko ngakhale zisanalembetse unzika. Za kuopa kutaya unzika wa Malawi, Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo mu Disembala 2018 kulola unzika wa mayiko awiri. Funsani ku Immigration za kulembetsa kwake.

Musagule tikiti, musasiye ntchito, musagulitse malo pasipoti isanafike m'manja. Pempho loyamba lochokera kuno limatenga miyezi, ndipo kawirikawiri amalemba kufuna umboni wina, n'kupereka nthawi yoyankhira. Tsegulani imelo yanu tsiku ndi tsiku, yankhani funso limene afunsalo nthawi isanathe, ndipo ngati pepala limene akufuna kulibe, auzeni kuti kulibe, chifukwa chake, ndi kumene munakafunsa. Mukafuna wokuthandizani wa ku UK, akhale loya kapena mlangizi wolembetsedwa ku Immigration Advice Authority, ndipo dzina lake mulione nokha m'kaundula wa bungwe limene linamulembetsa musanatumize ndalama.