Kusamala Mabuku Opatulika M'chigwa cha Luangwa: Zimene Tingaphunzire kwa Ayuda

Kuno ku Mambwe buku limakhala pakati pa adani. Chiswe chimalidya kuchokera pansi, makoswe amaliluma m'mbali, kutentha kwa Okutobala kumaumitsa chikuto mpaka masamba kuthothoka, ndipo Luangwa ndi Lupande akadzaza m'dzinja madzi amalowa m'nyumba osaodira. Wansembe Leonard Kamungu, amene anatsegula mishoni ya Anglican ku Msoro, anamwalira mu 1913, ndipo Baibulo lathunthu la Chinyanja linatuluka mu 1922. Malemba akhala nafe zaka zoposa 100, komabe si zachilendo kupeza Baibulo la paguwa lopanda Genesis, Chivumbulutso nachonso chitatha kalekale.

Ayuda ndi ochepa m'Zambia muno, ngakhale kale anali ndi masunagoge ku Livingstone, Lusaka, Ndola ndi Kitwe. Pa kasamalidwe ka malemba, iwowa ndi akatswiri. Ulemu wawo anauika m'malamulo okhudza chikopa, inki, manja ndi malo osungira. Malamulowo ndi a chipembedzo chawo ndipo samanga Mkhristu kapena Msilamu, koma nzeru za yekha anaviika nsima m'madzi. Nazi njira zisanu ndi ziwiri zimene tingatengereko.

1. Dziwani kaye thukuta limene linalowapo

Mpukutu wa Torah, ndiye kuti mabuku asanu a Mose, umalembedwa pamanja ndi mlembi wophunzitsidwa bwino wotchedwa sofer. Amalemba pachikopa cha nyama yogawanika ziboda komanso yobzikula, monga ng'ombe, mbuzi kapena nkhosa. Mwa nyama za m'chigwa chino, njati ndi nswala zili m'gulu limeneli, koma njiri ndi mvuu ayi. Mlembi amayamba wakanda mizere pachikopa, kenaka amalemba ndi nthenga kapena bango, inki yake yakuda bii. Zilembo zonse ndi 304,805, ntchito ya chaka chathunthu kapena kuposapo. Akamaliza amasoka zikopazo ndi mitsempha ya nyama yololedwa, n'kuzimangirira ku timitengo tiwiri tokulungira. Afotokozereni ana a Sande sukulu zimenezi. Mwana wodziwa mmene malemba anatifikira sang'amba tsamba kuti apange ndege.

2. Mukamakopera, musadalire mutu

Sofer saloledwa kulemba za pamtima ngakhale ataloweza zonse. Amayang'ana buku lotsimikizika, natchula mawu pakamwa asanawalembe. Akafika pa dzina la Mulungu amanena kaye kuti akulilemba mwa kupatulika kwake, ndipo dzinalo likalembedwa silifufutidwa. Inunso mukamalemba vesi pabolodi, pakapepala ka mwambo wa maliro kapena pamwala wa pamanda, tsegulani Baibulo, werengani mokweza, lembani, kenaka mnzanu ayerekeze ndi bukulo. Cholakwika chozokotedwa pasimenti chimakhala pomwepo mpaka zidzukulu.

3. Samalani manja

Ayuda sakhudza chikopa cha mpukutu ndi dzanja. Wowerenga amalondola mzere ndi kandodo kotchedwa yad, komwe kunsonga kwake kuli kadzanja koloza. Uwu ndi ulemu, komanso umateteza inki ku thukuta. Sambani m'manja ndi kupukuta musanatsegule buku, makamaka mukachoka pansima kapena kumunda. Musanyowetse chala ndi malovu potembenuza tsamba. Ngati maso amasochera pamzere, semani kamtengo kosalala kolozera.

4. Lipatseni nyumba yakeyake

M'sunagoge mpukutu umavekedwa nsalu n'kusungidwa m'kabati yapadera yotchedwa aron kodesh. Kwathu kuno bokosi lachitsulo lotsekeka bwino ndilo limathandiza. Kulungani bukulo m'chitenje choyera, ikanimo masamba ouma a nimu othamangitsa tizilombo, ndipo bokosilo likhale pamwamba, losagunda khoma ladothi. Pepala lapulasitiki n'labwino paulendo pokha, chifukwa likakhalitsa limasunga chinyontho. Mwezi uliwonse suzumirani kumbuyo ngati chiswe chayamba kumanga njira. Mvula ikangoyamba, a m'midzi ya m'mbali mwa mtsinje akweze bokosilo kufupi ndi denga madzi asanabwere.

5. Lemekezani pamaso pa anthu

Mpukutu ukanyamulidwa mpingo wonse umaimirira, monga anachitira anthu pamene Ezara anatsegula buku pa Nehemiya 8. Suikidwa pansi, susiyidwa chitsegulire, ndipo pamwamba pake sapaika chinthu wamba. Ukagwa, mwambo wawo ndi wakuti anthu asale kudya, ndipo buku lopatulika losindikizidwa likagwa amalitola n'kulipsompsona. Choncho foni, zipewa ndi mbale ya chopereka zisakhale pamwamba pa Baibulo. Mukamaliza kuwerenga litsekeni. Popita kumapemphero panjinga, musalimangirire pansi pa thumba la chimanga. Liikeni m'chikwama chanu.

6. Konzani msanga

Chilembo chimodzi chokha chikasowa kapena kufufutika, mpukutu wonse umakhala pasul, kutanthauza kuti sungawerengedwe m'mapemphero mpaka sofer ataukonza. Phunziro lake n'lakuti kachilema kakang'ono sikadikira. Tsamba likayamba kulekana ndi anzake, lisokeni ndi ulusi tsiku lomwelo. Pewani selotepi, chifukwa ikatenthedwa imasiya thimbirira. Buku likanyowa liimikeni pamthunzi podutsa mphepo, masamba atatambasuka, ndipo muziwatembenuza pafupipafupi. Padzuwa kapena pamoto masamba amakwinyika.

7. Likatha, liikeni mwaulemu

Apa ndi pamene Ayuda amatiphunzitsa kwambiri. Mpukutu wosakonzekanso sautaya kudzala. Amausunga pamalo otchedwa genizah, ndipo pambuyo pake amauika m'mtsuko wadothi n'kukaukwirira kumanda monga munthu. Chifukwa cha mwambo umenewu, chipinda china cha sunagoge wakale ku Cairo chinasunga zolembedwa za zaka mazana ambiri, ndipo mu 1897 katswiri wina dzina lake Solomon Schechter anatengera zambiri mwa izo ku Cambridge, kumene akatswiri akuziwerengabe. Mipukutu ya ku Qumran imene inapezeka mu 1947 nayonso ina inali m'mitsuko.

Mitsuko ife tili nayo, ndipo amayi oumba alipo. Khalani pansi ndi akuluakulu a mpingo, mugwirizane malo oikapo Mabaibulo ndi mabuku a nyimbo amene atheratu, kuti masamba ake asakathere kokulungira vitumbuwa kapena kopichirira fodya. Pamsonkhano womwewo sankhani munthu mmodzi wosunga mabuku, mum'patse kiyi wa bokosi, ulusi ndi singano, ayambe ntchito mvula isanagwe.