Kukaona masamba ofiira m'mapiri a Mvera

Mukamachokera ku Lilongwe kupita ku Salima kumapeto kwa Ogasiti kapena mu Seputembala, musawodzere m'minibasi mukapitirira pa Chezi. Msewu ukayamba kukhotakhota kutsetserekera ku Mvera, suzumirani pawindo. Pakati pa udzu wouma ndi lupsa lakuda bii muona mitengo itafiira psuu, ina ngati dothi la katondo, ina ngati thobwa la mawere, ina mofewa ngati chikhatho cha khanda. Mwana akafunsa kuti mtengowo watani, ambirife timayankha kuti wapsa ndi dzuwa. Sunapse ayi. Amenewo ndi masamba atsopano, ndipo ndi chinthu choyenera kuchipatulira tsiku, kutseka chitseko, kutenga ana n'kukachionera pafupi.

Ku Canada, ku Japan ndi m'madera ena a ku America anthu amayenda maulendo ataliatali, kuwononga ndalama, kuti akaone masamba ofiira m'miyezi yomweyi mpaka Novembala. Awo ndi masamba okalamba, otsala pang'ono kuyoyoka chisanu chisanafike. Kwathu kuno n'zosemphana. Mitengo ya m'tchire mwathu imayoyola masamba mwakachetechete m'nyengo ya mwera, ndipo kukangoyamba kufunda imaphukira, mvula isanagwe ndi dontho lomwe. Imadalira mizu yake yozama ndi chakudya chimene inasunga m'dzinja lapita. Tsamba lanthete limabadwa ndi utoto wofiira umene akatswiri a zomera amati umalitchinjiriza ku dzuwa lowawa la chilimwe. Likamakhwima, kufiirako kumazilala, kubiriwira n'kulowa m'malo. Mtengo umodzi sukhalitsa uli chifiirire: masabata awiri kapena atatu basi.

N'chifukwa chake tsiku la ulendowu silisankhidwa pa kalendala. Limasankhidwa poyang'ana phiri. Chaka china mitengo imafulumira, chaka china imachedwa, ndipo ya kumtunda ku Dowa siyendera limodzi ndi ya kumunsi kotentha koyandikira Salima. Amene mumakhala pafupi, ingoyang'anani muli pakhonde. Amene muli m'tauni, imbirani m'bale wa kumudzi kapena funsani kondakitala amene amadutsa msewuwo tsiku ndi tsiku ngati mapiri ayamba kufiira. Musadikire tchuthi cha Tsiku la Anakubala pa 15 Okutobala. Nthawi imeneyo mitengo yambiri imakhala itabiriwira kale, ndipo dzuwa limakhala loswa mtengo. Ngati ana atsegulira kale sukulu, sankhani Loweruka.

Lawirirani. Ikamakwana sikisi koloko mukhale muli m'njira, ndipo pofika leveni mukhale mukutsika. Izi n'chifukwa cha kutentha, komanso chifukwa cha maso. Dzuwa likakhala paliwombo mitundu yonse imaoneka yotumbuluka. M'mawa kuwala kumabwera cham'mbali, ndipo mukaima moti mtengo ukhale pakati pa inu ndi dzuwa, tsamba lililonse limayaka ngati khala. Ofuna kujambula ndi foni, chinsinsi n'chomwecho. Madzulo nakonso kumakongola, koma mdima sumachedwa, ndipo kutsika phiri la miyala ndi ana kuli chisisira n'kuputa dala mavuto.

Musayambe ndi phiri lalitali. Banja limene lili ndi ana aang'ono kapena agogo lisankhe kachitunda kamene lingakwere ndi kutsika m'maola awiri kapena atatu, kopanda therezi, kokhala ndi njira yodziwika ya otola nkhuni. Mitunda yozungulira Mvera ndi yokwanira. Mukhoza kuphatikiza ulendowu ndi kukaona mishoni ya Mvera, imene A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok anakhazikitsa mu 1889 m'dera la mfumu Chiwere, chiyambi cha ntchito imene lero ndi Sinodi ya Nkhoma. Ana asukulu amaiwerenga m'buku nkhaniyi, koma ambiri sanapondepo pamalopo. Kumbukiraninso kuti ku Mvera kuli malo a asilikali. Kumeneko musalowereko, ndipo musalozetse foni mbali imeneyo.

Musanakwere phiri limene si la kwanu, kaonekereni kwa amfumu. Safunsa anadya phula. Pali chifukwa chachikulu pano ku Dowa ndi ku Ntchisi: nthawi zambiri kamsitu kowirira bwino, ka mitengo ikuluikulu imene nkhwangwa sinaikhudze, kamakhala manda, ndipo kumanda n'kumene kumakhala dambwe. Miyezi imeneyi anthu akolola, ndi nyengo ya zinamwali, ziliza ndi gule. Munthu wosalowa akasochera n'kupezeka kudambwe, mlandu wake sukhala waung'ono, ndipo kunena kuti "ndimangoona masamba" sikungamupulumutse. Mitengo ya kumanda ioneleni patali. Mukaona kansanza kofiira kapena chizindikiro china pa njira, kapena mukamva kukuwa kwa zilombo kutsogolo, bwererani mwaulemu. Amfumu akakupatsani mnyamata wokulondolerani njira, mulandireni, ndipo pobwera mumuthokoze ndi kangachepe. Iyeyo adziwa pamene pali njuchi, pamene pali misampha, ndi njira yodutsa osaponda dimba la mwini.

Nkhalango za boma, monga Dowa Hills, Kongwe ndi Ntchisi, zili m'manja mwa dipatimenti ya nkhalango. Pitani kaye ku ofesi yawo pa boma kapena kwa alonda a nkhalango mukamve zoyenera kuchita. Lamulo la nkhalango la 1997, limene linakhwimitsidwa mu 2020, limaletsa kudula mitengo, kuotcha makala ndi kuyatsa moto m'malo amenewa popanda chilolezo. Nkhalango ya Thuma, kum'mwera kwa msewu wa ku Salima, ndi nkhani ina. Muli njovu ndi njati, ndipo amayang'anira ndi a Wildlife Action Group mogwirizana ndi boma. Mmenemo munthu salowa yekha ndi ana ngati akupita kumunda.

Zovala zikhale zoteteza thupi osati zokongola. Nsapato zotseka, osati mapatapata, chifukwa masamba ouma pa miyala amaterera kuposa matope. Thalauza lalitali, kapena chitenje pamwamba pa siketi yaitali, malaya a manja aatali, chipewa. Aliyense akhale ndi ndodo. Madzi ndiwo oyamba: munthu wamkulu asachepere malita awiri, ndipo ana anyamule timabotolo tawo. Musadalire mitsinje, yambiri imakhala itaphwa, ndipo zithaphwi zotsalazo amamwa ndi ng'ombe. Kamba wake ndi wapakhomo pomwe: mbatata yophika dzulo, mtedza wokazinga, nthochi, chigumu, thobwa m'chigubu. Zonse zikhale zopsa kale kuti pasakhale chifukwa chosonkhera moto. Onjezerani paketi imodzi ya Thanzi ORS, kansalu koyera komangira bala, ndi jumbo yobwezeramo zinyalala zanu. Wotsala pakhomo adziwe phiri limene mwapita ndi nthawi imene mubwere, chifukwa netiweki imathawa m'zigwa.

Mdani wamkulu wa ulendowu si njoka, ndi chitedze. Ndikunena izi nditalawapo. Chaka china ndinakhala pansi pa mtengo m'mbali mwa khwawa kuti ndipume, osayang'ana m'mwamba, kamphepo n'kuomba. Ulendo unathera pomwepo, ndipo ana a mchemwali wanga mpaka lero amandiseka mmene ndinavinira popanda ng'oma. Chitedze chimayanga m'mitengo ndi m'tchire la m'makwawa, ndipo miyezi ino nyemba zake zimakhala zitauma, zokutidwa ndi ubweya wofiirira umene umauluka. Aonetseni ana chitedze choyamba chimene mukumane nacho, muli chapatali, kuti achidziwe. Chikakugwerani musakande, popeza kukanda kumalowetsa ubweyawo m'khungu. Vulani chovalacho, palani pakhungupo mopepuka ndi mpeni wobuntha kapena kakhadi, kenako tsukani ndi madzi ndi sopo.

Njoka nazo zimayamba kuyenda kukafunda. Zambiri zimathawa zikamva mgugu, koma mphiri imangogona panjira, ndipo khungu lake limafanana ndi masamba ouma. Wamkulu atsogole ndi ndodo, wamkulu wina atsekere kumbuyo, ana pakati. Mwana asapise dzanja m'una, m'phanga kapena pansi pa mwala. Wina akalumidwa, musateme pabalapo, musayamwe, musamange chingwe cholimba. Mugonekeni, chiwalocho chisagwedezeke, muvuleni mphete kapena chibangili, ndipo munyamuleni msanga kupita kuchipatala. Mukafika kunyumba, fufuzani nkhupakupa m'khwapa, m'mphechepeche ndi kuseri kwa makutu a ana.

Za moto ndinene mosabisa mawu. Miyezi imeneyi anyamata amatentha tchire posaka mbewa, ndipo moto wa mu Seputembala, udzu utauma gwa, umawauliratu masamba anthete amene mwabwera kudzaonawo. Mtengo umayenera kuphukiranso kachiwiri ndi mphamvu zimene unasungira maluwa ndi mbewu, ndipo timitengo tating'ono timafa. Osuta fodya asiye machesi kunyumba. Mukaona utsi kumunsi kwanu, musathawire kumtunda, pakuti moto umakwera phiri mothamanga kuposa munthu. Dutsani cham'mbali, mulowere pa lupsa limene lapsa kale, pa thanthwe, kapena m'munda wolimidwa.

Tsopano mwafika. Musathamangire nsonga ya phiri ngati pali mphoto. Khalani pansi, mitengo muidziwe mayina. Mombo uli ndi masamba ataliatali okhala ndi timasamba tambirimbiri mbali ndi mbali, olendewera ngati nthenga, ndipo ndi umene makolo ankasendako luzi ndi kusulako chiwondo. Mtengo wotchedwa tsamba uli ndi timasamba tochepa koma tokulirapo, ndipo kufiira kwake n'kwakuya. Mchenga sufiira kwambiri, koma muuzindikira ndi nyemba zake zimene zimaima pamwamba penipeni pa mtengo. Msuku, wa masamba aakulu okhakhala, umangokhala chibiriwirire pakati pa anzake. Mayinawa amasiyana mudzi ndi mudzi, choncho agogo akatsutsa zimene ndalembazi, mverani agogo. Anzathu a ku Zimbabwe amautcha msasa mtengo wina wa mtundu womwewu, ndipo amaunyadira mpaka dera lina la mu Harare limatchedwa dzina lomwelo. Kwa ife msasa ndi kachisakasa kogonamo pa ulendo, ndiye wobwera kuchokera ku Harare akakuuzani kuti msasa wafiira musaganize kuti kwapsa nyumba.

Dzuwa likayamba kutentha, uzani ana akhale chete. Mumva thee! thee! m'mitengo. Ndi nyemba zouma zikuphulika, kumwaza mbewu kutali, makoko ake n'kugwa atapotana. Ana atole makokowo ndi masamba ogwa, koma asathyole nthambi. Tsamba limodzi kapena awiri a mtengo uliwonse akhoza kuwapanikiza m'kope lakale, n'kulemba dzina ndi tsiku. Auzeninso kuti bowa wa m'tchire amene amadya mu Januwale amamera pa mizu ya mitengo yomweyi, ndipo pamene mitengoyi yatha bowayo samera.

Kunena zoona, mapiri ambiri a m'mbali mwa msewu ndi ometedwa mpala. Matumba a makala amene mumawaona ataimikidwa m'mbali mwa msewu wa ku Salima ndi mitengo yomweyi. Komabe musabwerere. Yang'anani pa zitsa. Mombo ndi anzake akadulidwa safa msanga, amaphukira pachitsa, ndipo mphukira zimenezo zimafiira kwambiri, pa msinkhu woti mwana wa zaka zinayi akhoza kuzigwira. Ngati m'munda mwanu kapena m'malire muli zitsa zotere, sankhani mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu pa chitsa chilichonse, zinazo sadzani, ndipo lambulani udzu mozungulira kuti moto usafike. Zimakula msanga kuposa mbande ya m'chubu chifukwa mizu ilipo kale.

Amene muli ndi kangachepe m'thumba komanso tsiku lathunthu, pitani ku Ntchisi, kudzera ku Dowa boma kapena ku Mponela. Kuchoka pa boma la Ntchisi kupita kunkhalango msewu ndi wafumbi, koma m'chilimwe umayendeka, ngakhale pa njinga yamoto. Ubwino wa phirili ndi wakuti mumaona nkhalango ziwiri tsiku limodzi. M'munsi muli mitengo yofiira ija, ndipo mukakwera mumalowa mu msitu wobiriwira chaka chonse, wozizira, wa mitengo italiitali ndi zilambe, mmene anthu akale ankabisala pothawa nkhondo za Angoni. Muli anyani ndi apusi, ndiye kamba wanu musamuike poyera. Pa Ntchisi Forest Lodge mukhoza kufunsa za njira ndi okulondolerani. Kukakhala koyera nyanja imaoneka kum'mawa, koma mu Seputembala utsi wa moto wa tchire umaibisa kawirikawiri, choncho musawalonjeze ana.

Potsika tsatani njira yomwe munakwerera, ngakhale ina ikuoneka yachidule, ndipo mukatsanzike kwa amfumu. Misuku imene mwaiona ili ndi zipatso zaziwisi muikumbukire pamene ili. Chakumapeto kwa Novembala ndi mu Disembala masuku amayamba kugwa, mudzabwerenso ndi dengu.