Mafunso ndi Mayankho: Nkhuku Zothamangira Lichero, Mwana Wolirira Mandasi

Muulutsi: Kalata yoyamba yachokera kwa mayi wina wa ku Diamphwe. Akuti: "Nkhuku zanga zikangomva ndikupeta zimabwera chothamanga, ngakhale ndisanataye kanthu. Kodi zili ndi nzeru?"

Katswiri: Zaphunzira, mayi. Tsiku lililonse phokoso la lichero limatsogola, madeya n'kutsatira, mpaka phokosolo palokha limaziuza kuti chakudya chafika. Ivan Pavlov wa ku Russia, amene analandira mphotho ya Nobel mu 1904 pa kafukufuku wa kagayidwe ka chakudya m'mimba, anaona agalu ake akukha dovu atangomva mapazi a munthu wowapatsa chakudya. N'chimodzimodzi mwana woyamba kulira pakhomo la kusikelo, jakisoni asanatuluke n'komwe.

Muulutsi: Ina yalembedwa ndi bambo wina wa ku Mitundu: "Mwana wathu wa zaka 4 amadzigwetsa pansi kumsika kufuna mandasi. Timamukaniza, koma nthawi zina timagula chifukwa cha manyazi. Kukwapula kwalephera."

Katswiri: Bambo, musandikwiyire, koma mphunzitsi wa khalidweli ndinu. B. F. Skinner wa ku America, m'buku lake la mu 1938, anafotokoza za makoswe amene ankapeza chakudya akadina kachitsulo. Khalidwe lobweretsa phindu limabwerezedwa. Chodabwitsa n'chakuti khoswe wopatsidwa mwa apo ndi apo ndiye ankalimbikira kudina nthawi yaitali chakudya chitasiyiratu kubwera, kuposa mnzake wozolowera kulandira nthawi zonse. Wotchova juga amakakamira pa chifukwa chomwechi: mwina ulendo uno.

Ndiye "nthawi zina" wanuyo ndi amene wavuta. Mukakana katatu n'kugonja kachinayi, mwana amaphunzira kuti wolira kwambiri ndi amene amadya. Mkwapulo umangomutontholetsa pomwepo, sumuuza choyenera kuchita.

Gwirizanani ndi mayi ake, agogo akenso amve (agogo ndiwo amaononga mlandu kawirikawiri). Musananyamuke muuzeni kuti akayenda bwino mpaka mumalize kugula, alandira ndasi limodzi. Akadzigwetsa, mudzutseni, musagule. Masiku oyamba kulirako kudzakula, anthu a pamsika adzakuyang'anani, ndipo mukagonja pamenepo mwamuphunzitsa kulira kokweza kuposa kale.

Muulutsi: Ya ku Nathenje, yofunsa za ng'ombe zapangolo zomvera mluzu, tiiwerenga sabata yamawa.