Shuga wapezeka koma mtundu wake sunadziwike: zochita pakhomo ku Ilala

Pakati pa 1981 ndi 1987, Andrew Swai, Donald McLarty ndi madokotala anzawo pachipatala cha Muhimbili, ku Upanga m'boma la Ilala mumzinda wa Dar es Salaam, ankalemba m'kaundula munthu aliyense wongopezeka kumene ndi matenda a shuga. Anthuwo anakwana 1,250. Mwa amenewa, 272 ankafunika jakisoni wa insulini, 825 sankafunika, ndipo 153 madokotalawo analephera kuwaika mbali iliyonse. Ndiye kuti pa anthu asanu ndi atatu alionse, mmodzi ankabwerera kwawo asakudziwa mtundu wa shuga wake. Mu 2019 bungwe la WHO nalo linaika gulu la shuga wosadziwika mtundu pamndandanda wake. Choncho bambo a kunyumba kapena mwana akabwera kuchokera kuchipatala cha Amana kapena cha Mnazi Mmoja atanyamula mankhwala koma osauzidwa ngati ndi mtundu woyamba kapena wachiwiri, musafulumire kunena kuti adokotala sadziwa ntchito. Nthawi zambiri amakhala akunena zoona zokhazokha.

Ndikulembera makamaka Amalawi amene anakhazikika ku Buguruni, Tabata ndi Vingunguti, komanso amalonda amene amatha milungu ku Kariakoo akupikula katundu. Kwa iwowa matendawa amalemera kawiri, poti chilankhulo n'chachilendo ndipo abale ali kutali.

Mabuku amaphunzitsa mitundu iwiri. Pa mtundu woyamba kapamba amasiya kupanga insulini, moti munthu akasowa jakisoni masiku ochepa okha akhoza kumwalira. Pa wachiwiri insulini imakhalapo koma thupi siliimvera bwino, ndipo mapiritsi, kadyedwe ndi kuyenda zimathandiza kwa zaka. Anthu ambiri a kuno ku Africa sakwana m'mitundu iwiriyi. Pali bambo wa zaka 40, wathupi ndithu, amene amafika kuchipatala ali chikomokere, magazi atadzaza asidi, aliyense n'kuganiza kuti ndi mtundu woyamba, koma pakatha miyezi adokotala n'kumuchepetsera insulini mpaka kumusiyitsa. Madokotala a ku Ghana ndi ku Nigeria anaziona kale zimenezi m'zaka za m'ma 1960. Pali mayi amene mapiritsi amamugwira bwino chaka chimodzi kapena ziwiri kenako n'kusiya, chifukwa chitetezo cha m'thupi mwake chikuwononga kapamba pang'onopang'ono. Pali mnyamata woonda kwambiri amene anakulira m'njala, ndipo shuga wa oterewa bungwe la International Diabetes Federation linamutcha mtundu wachisanu pamsonkhano wa ku Bangkok mu April 2025. Palinso amene kapamba wawo anawonongeka ndi mowa kapena matenda ena a m'mimba.

Zoyeza zimene zimathandiza kusiyanitsa zilipo. China chimatchedwa C-peptide, chimene chimaonetsa kuchuluka kwa insulini imene thupi likudzipangira. China chimafufuza ngati chitetezo cha m'thupi chikulimbana ndi kapamba, ndipo papepala amalemba kuti GAD. Sizipezeka mu labu iliyonse ndipo mtengo wake ndi wokwera, choncho funsani kuzipatala zazikulu monga Muhimbili, Aga Khan kapena Shree Hindu Mandal. Ku Muhimbili ndi bwino kupita ndi kalata yochokera kuchipatala chaching'ono. Koma musathamangire kutaya ndalama pa C-peptide mlungu umene munthu watuluka m'chipatala. Shuga akakwera kwambiri kapamba amafooka kwakanthawi, zotsatira n'kuoneka zoipa kuposa mmene zinthu zilili. Dikirani milungu ingapo shuga atakhazikika, ndipo adokotala ndiwo anene tsiku lake.

Pamene mukudikira, lamulo la pakhomo ndi limodzi: musamaleni wodwalayo ngati ali ndi mtundu woopsa uja, kufikira adokotala atanena zina. Ngati anamuyambitsa insulini, asaisiye yekha ngakhale tsiku limodzi, kaya akumva bwino chotani. Apa ndi pamene mabanja ambiri amagwera. Munthu amalimba, thupi limabwerera, kamakina koyezera shuga kakuonetsa manambala okoma, ndiye wina kutchalitchi kapena kumzikiti amati wachira, kapena wogulitsa mankhwala azitsamba amati ndi botolo lake lagwira ntchito. Mwina ndi mtundu uja umene insulini amasiyitsadi. Mwinanso ndi mtundu woyamba umene umapumira miyezi ingapo usanabwerere ndi ukali. Pakhomo simungasiyanitse ziwirizi. Shuga akamatsika kawirikawiri, ndi chizindikiro choti mupite kukliniki msanga akachepetse mlingo, ndipo kuchepetsako amachita pang'onopang'ono akuyang'anira.

Chimene chidzaulule mtundu wa shugayo ndi nthawi, koma nthawiyo imathandiza pokhapokha wina akamalemba. Gulani kope la sukulu. Tsamba loyamba lembani tsiku limene matenda anapezeka, shuga anali pa nambala yanji, ngati anagonekedwa ndi kuikidwa diripi, kulemera kwake nthawi imeneyo, ndi abale ena amene ali ndi shuga. Kenako tsiku lililonse lembani nambala ya m'mawa asanadye, mankhwala amene wamwa kapena kubaya, ndi chachilendo chilichonse monga malungo, kusanza kapena kudumpha chakudya. Muyezeni kulemera kamodzi pamwezi pa sikelo imodzimodzi. Madokotala amasinthana, ndipo amene mudzamupeze mwezi wamawa sadzakhala ndi nthawi yomva nkhani yonse. Kope lija limamuuza m'mphindi ziwiri.

Timapepala toyezera shuga n'todula, ndiye ngati ndalama zavuta musatithere tsiku limodzi. Lero yezani m'mawa, mawa patatha maola awiri atadya nsima yamasana, mkuja asanagone, ndipo sungani tingapo ta tsiku la matenda. Onaninso mmene kamakina kanu kamawerengera. Tina timalemba mmol/L, tina mg/dL, ndipo kuti musinthe mugawa nambala ya mg/dL ndi 18. Motero 126 ndi chimodzimodzi 7, ndipo 70 ndi 3.9. Kwa akuluakulu ambiri nambala yabwino ndi pakati pa 4 ndi 7 asanadye, ndi yosapitirira 10 patatha maola awiri atadya.

Zoopsa zilipo ziwiri, ndipo aliyense m'nyumba azidziwe, ngakhale mwana wa sitandade 6.

Choyamba ndi kutsika kwa shuga, pansi pa 4. Munthu amanjenjemera, amatuluka thukuta lozizira, mtima umagunda, njala imamugwira mwadzidzidzi, ndipo ena amalusa kapena kulankhula zosamveka moti odutsa amayesa waledzera. Mupatseni masupuni aang'ono atatu kapena anayi a shuga m'madzi, kapena theka la botolo la chakumwa chotsekemera. Pakatha mphindi 15 yezaninso, ndipo akatsitsimuka adye chakudya chenicheni. Ngati wakomoka musamuthire chakumwa m'kamwa, angatsamwe. Mugonekeni cham'mbali, mupakeni uchi kapena shuga wonyowetsa mkati mwa tsaya, n'kuitana bajaji. Amene amamwa mapiritsi a glibenclamide apite kuchipatala ngakhale atatsitsimuka, chifukwa mankhwalawa amakhalitsa m'thupi ndipo shuga amatha kutsikanso usiku. Woonda uja wokulira m'njala muzimuyang'anitsitsa, poti shuga wake amatha kutsika kwambiri ndi insulini. Ndipo poti mumzinda uno munthu amatha maola m'daladala pa msewu wa Uhuru kapena wa Nyerere, masiwiti asamachoke m'thumba, pamodzi ndi kapepala kolembedwa m'Chiswahili kuti "Nina kisukari" ndi nambala ya foni ya wachibale.

Chachiwiri ndi asidi uja wa m'magazi, amene madokotala amamutcha ketoni. Ndiye wakupha msanga pamene mtundu sukudziwika. Zizindikiro zake ndi ludzu losatha, kukodza pafupipafupi, kupweteka m'mimba, kusanza, kupuma mozama ndi mofulumira, mpweya wonunkhira zipatso zovunda, ndi kuodzera. Funsani m'mafamase akuluakulu timapepala toyezera ketoni mumkodzo, mukhale nato m'nyumba. Shuga akapitirira 14 munthu asakumva bwino, yezani mkodzo. Kapepala kakasintha kwambiri mtundu, kapena ngati akusanza osatha kusunga madzi, nyamukani nthawi yomweyo, kaya ndi 2 koloko usiku. Izi sizidikira kuti kuche.

Malungo, chifuwa, chithupsa kapena kutsegula m'mimba zimakweza shuga ngakhale munthu asakudya. Ambiri amaganiza kuti poti sanadye ndiye asabaye, ndipo maganizo amenewa ndi amene amafikitsa anthu ambiri kuchipatala atakomoka. Pa tsiku la matenda insulini isalekedwe, ayezedwe maola atatu kapena anayi alionse, amwe madzi ambiri, ndipo ngati nsima yakanika amwe phala pang'onopang'ono. Mapiritsi a metformin amayamba aimitsidwa munthu akamasanza kapena kutsegula m'mimba kwambiri, ndipo adokotala adziwitsidwe. Kulikonse kumene akalandire mankhwala a malungo kapena a TB anene kuti ali ndi shuga. Kwinini, mwachitsanzo, amatsitsa shuga.

Kutentha kwa ku Dar es Salaam kumadetsa nkhawa aliyense wosunga insulini, makamaka kuyambira December mpaka March. Mabotolo osatsegula akhale m'firiji, kutali ndi mbali youmitsa madzi, chifukwa insulini ikauma yawonongeka. Botolo limene mwayamba kugwiritsa ntchito limatha kukhala kunja pafupifupi milungu inayi. Kafukufuku amene bungwe la MSF linachita ndi yunivesite ya Geneva, potengera kutentha kwa kumsasa wa othawa kwawo ku Dadaab, anapeza kuti insulini inasunga mphamvu yake milungu inayi kutentha kukusinthasintha pakati pa madigiri 25 ndi 37. Ngati mulibe firiji kapena magetsi akuvuta, ikani botololo m'kachitini kotseka bwino, kachitiniko mumchenga wonyowa mumtsuko wadothi, mtsukowo pamthunzi podutsa mphepo. Lembani pabotolo tsiku limene mwalitsegula. Onetsetsaninso kuti nambala ya pabotolo ndi ya pasirinji zikufanana, U-100 ndi U-100, chifukwa zikasiyana mlingo umalakwika kwambiri.

Za chakudya ndinena mwachidule, poti malangizo ake ndi omwe aja: theka la mbale likhale ndiwo zamasamba, nsima ikhale ya mgaiwa, umene kuno ogulitsa amati dona, ndipo zakumwa zotsekemera, madzi a nzimbe, vitumbua ndi tiyi wa masupuni atatu zisiyidwe. Chimene ndikufuna kutsindika ndi china. Mabanja athu akangomva kuti shuga, amayamba kumumana wodwalayo chakudya. Kwa munthu wonenepa kuchepetsa n'kwabwino, koma woonda amene akubaya insulini afunika kudya mokwanira, katatu patsiku pa nthawi zosasinthasintha, ndi nyemba, usipa, mazira ndi mtedza. Ngati akudya bwino, akumwa mapiritsi mokhulupirika, koma akuondabe ndipo shuga sakutsika, musamukalipire kuti akudya mobisa. Chimenecho ndi chizindikiro chachikulu choti thupi lake lafunika insulini, ndipo apite kukliniki mlungu womwewo.

Asilamu amene akufuna kusala m'mwezi wa Ramadhani, ndi Akhristu osala kudya pa mapemphero, ayambe akambirana ndi adokotala mwezi umodzi kapena iwiri nthawi isanakwane. Amene wagonekedwa posachedwa chifukwa cha ketoni kapena amene shuga wake amatsikatsika asasale. Mapazi aziyang'anidwa madzulo alionse, ndipo asayende opanda nsapato ngakhale pabwalo. Dokotala wa mumzinda uno, Zulfiqarali Abbas, walemba zambiri zosonyeza kuti kabala kakang'ono ka pa phazi kapena pa dzanja la munthu wa shuga kamatha kufika podulitsa chiwalo ngati achedwa nako kunyumba.

Ulendo wobwerera kumudzi, wodzera ku Mbeya, Kyela ndi pachipata cha Songwe, ndi wautali ndipo basi imatha kuchedwa panjira. Insulini isaikidwe m'buti pamodzi ndi mabelo, kumene kumatentha. Ikhale m'chikwama cha m'manja, yokulungidwa m'kansalu konyowa, pamodzi ndi masirinji, kamakina, masiwiti ndi kamba wokwanira masiku awiri. Tengani mankhwala oposa masiku amene mukuyembekeza kukakhala, ndi kalata ya adokotala yotchula dzina lenileni la insulini ndi mlingo wake, chifukwa mayina a pamabotolo amasiyana m'maiko awiriwa. Mukafika, pitani kukliniki ya shuga ku Mzuzu Central, Kamuzu Central kapena Queen Elizabeth ndi kope lija, ndipo pemphani kuti alembe m'buku lanu la kuchipatala kuti mtundu wa shugayo sunatsimikizidwe, kuti wina asadzakusiyitseni insulini pongoona msinkhu kapena thupi lanu.