Nsomba ikatupa mimba, dekhani kaye

Ana anga, inu amene mwayamba kuweta nsomba m'thanki yagalasi, tcherani khutu. Tsiku lina mudzapeza nsomba yanu ikuyandama chagada, kapena yapendekeka, kapena yagona pansi ikulephera kukwera. Mtima udzakugundani. Mudzafuna kuthamangira mankhwala. Musathamange. Kokani mpando, muiyang'ane. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Yambani ndi madzi. Ndabwereza, yambani ndi madzi. Madzi akhoza kuoneka oyera mbee, chonsecho ali ndi poizoni. Ndowe za nsomba ndi zakudya zotsala zimatulutsa amoniya, ndipo amoniya amapha. Pimani. Amoniya ndi poizoni mnzake wotchedwa nitrite zikhale pa 0. Zikakwera, chotsani gawo limodzi mwa magawo anayi a madziwo, muthiremo ena opanda kulorini, ofunda mofanana ndi akalewo.

Kenako onani kasambiridwe. M'kati mwa nsomba muli kathumba ka mpweya, kamene kamaithandiza kukwera ndi kutsika. Matumbo akadzaza, amakapanikiza, nsomba n'kumagudubuzika. Izi zimachitika kawirikawiri kwa goldfish zathupi lobulungira monga oranda ndi ryukin, komanso kwa betta. Ngati mamba ali gonegone ndipo nsombayo ikufunabe chakudya, limbani mtima muimane kwa masiku awiri kapena atatu. Siifa ayi. Mukatero ipatseni nsawawa yophika, yosenda khungu, yonyenya. Zambiri zimawongoka. Komanso musaiwale kuti guppy ndi molly zazikazi zimakula mimba zikakhala ndi ana. Kumeneko si kudwala.

Tsopano imani muiyang'anire pamwamba. Mukaona mamba atatukuka ngati khungu la chinanazi, maso atatong'oka, dziwani kuti zafika poipa. Impso zalephera, madzi adzaza m'thupi. Ipatuleni m'thanki ina. Mchere wa Epsom umachepetsako kutupa, koma sindikunamizani: zambiri zikafika pamenepa sizichira.

Pali matenda ena amene amandiwawa kwambiri, chifukwa oweta nsomba a ku Ulaya ndi ku America anawapatsa dzina la nyanja yathu. Amati Malawi bloat. Amagwira mbuna, tinsomba tamawangamawanga timene mumationa m'miyala ya ku Cape Maclear ndi ku Nkhata Bay. M'nyanja, mbuna zambiri zimakhalira kupala ndere pamiyala. Matumbo ake ndi aatali, opangidwira zomera.

Ine izi sindinafunse. Mbuna zanga ndinkazipatsa nyongolotsi zofiira ndi chakudya chanyama, m'mawa, masana ndi madzulo, poti zikandiona zinkathamangira kugalasi. Ndinkayesa chikondi. Imodzi inayamba kulavula chakudya. Sindinalabadire. Inayamba kubisala kuseri kwa miyala, ikukoka ndowe zoyera zonga ulusi. Sindinalabadirebe. Mimba itatupa, ndinathira mankhwala amitundumitundu nthawi imodzi, osadziwa chimene ndikuchiza. Mankhwalawo anapha tizilombo tabwino ta mu fyuluta timene timayeretsa madzi, madzi anaipiratu, ndipo zimene zinali bwinobwino nazonso zinadwala. Ndinazivuula ndi manja angawa, imodzi ndi imodzi, nsomba zimene ndinazilera kuyambira zili tiana. Ndalama zinapita, koma chimene chimandipweteka mpaka lero n'chakuti zinavutika masiku ambiri zikupuma movutikira, wozipha ali ine amene ndinkazikonda. Safunsa anadya phula.

Musadikire mimba kuti itupe. Mbuna ikangolavula chakudya, ikangodzipatula, yambani pomwepo. Lekani kudyetsa. Sinthani madzi. Funsani dokotala wa ziweto kapena woweta wodziwa za mankhwala a metronidazole, amene ambiri amachizira matendawa akadali koyambirira. Mankhwala amodzi, mlingo wake, mpaka masiku ake akwane. Osasakaniza.

Ndikudziwa, ana anga, dzanja limayabwa nsomba zikamapempha. Ligwireni. Zipatseni zimene zingamalize m'mphindi ziwiri basi, ndipo kwa mbuna sankhani chakudya cha spirulina. Madzi a mbuna akhale pakati pa madigiri 24 ndi 28. Ikani miyala yambiri yobisalamo, chifukwa mbuna imene ikuthamangitsidwa ndi zinzake tsiku lonse ndiyo imayamba kudwala. Ndipo nsomba yatsopano musaiphatikize ndi zinzake tsiku lomwelo. Ikhale payokha milungu itatu kapena inayi, mukuiona kadyedwe ndi ndowe zake.