Phunziro la Ulimi: Nthawi Yodyetsa Anyezi

Abale a ku Bangula ndi a m'madimba onse a m'mbali mwa Shire, madzi osefukira akayamba kuphwera m'mwezi wa Epulo, yafika nyengo yofesa anyezi pa nazale. Kuno ku chigwa chisanu nchachifupi, ndipo pofika Seputembala dzuwa limakhala litayamba kale kuwawula. Tsono anyezi ali ndi miyezi yowerengeka yokha yoti adye ndi kukula.

Dulani anyezi pakati, muwerenge mizere yozungulira ija. Mzere uliwonse ndiwo tsinde la tsamba limodzi limene linafufuma. Nchifukwa chake anyezi wa masamba ambiri ndi aakulu amabala mutu waukulu, pamene wa masamba anayi onyozoloka amabala kamutu kosagulika pamsika. Kodi masambawo amamera liti? Amamera m'miyezi yozizira, mutu usanayambe kufufuma. Masiku akayamba kutalika ndi kutentha, mbewu imaleka kutulutsa masamba atsopano, nitsitsira chakudya chake chonse m'mutu.

Mizu ya anyezi njochepa ndi yaifupi, yambiri siipyola masentimita 30 pansi, ndipo siitha kulondola chakudya chakutali monga ichitira mizu ya chimanga. Chakudya chiyenera kuikidwa pafupi. Thirani manyowa owolerana pokonza mabedi, pamodzi ndi feteleza wokulitsa, pakuti fosiforasi sayenda m'nthaka: pamene mwamuika mpamene adzakhale. Wokerani mbande zikafika masabata 6 kapena 8, zitanenepa ngati pensulo. Masabata oyamba mbewu imadya pang'ono ndithu. Ikagwira, njala yake imakula msanga, ndipo apa mpamene mungathire CAN pang'onopang'ono kawiri, patapita masabata atatu ndiponso asanu ndi limodzi chiwokerereni.

Ambiri amalakwa mwa chifundo. Poona anyezi wachikasu mu Ogasiti, amathira nayitrojeni mutu utayamba kale. Zotsatira zake ndi khosi lonenepa losauma, ndipo anyezi wotere amawola m'nyumba mitengo isanakwere.

Chenjeraninso ndi mchere. Zitsime zina za m'chigwa muno zili ndi madzi amchere, ndipo anyezi sapirira mchere konse. Mizu yake imalephera kumwa ngakhale nthaka ili yonyowa. Ndipo munda umene unakwiriridwa ndi mchenga pa namondwe wa Freddy mu 2023 ufuna manyowa ochuluka koposa, chifukwa mchenga susunga chakudya.

Makosi akayamba kugwa, lekani kuthirira, mudikire sabata imodzi kapena awiri musanazule.