Madzi Obiriwira pa Dziwe: Chenjezo kwa Banja Lanu

Nyengo yotentha ikafika, madzi a pa dziwe, pa damu kapena m'chithaphwi amabiriwira, mwina n'kuchita kansalu pamwamba. Tonse timangoti ndi ndere. Koma zina mwa zimene zimabiriwiritsa madziwo ndi tizamoyo tosambira, tosaoneka ndi maso, monga ka Euglena.

Kodi Euglena n'chiyani?

Thupi lake lonse ndi selo imodzi yokha. Tambiri n'tating'ono kwambiri moti 20 titandondozana tingangokwana milimita imodzi. Kutsogolo kali ndi kachingwe kamene kamakupiza posambira, ndiponso kadontho kofiira kothandiza kudziwa kumene kukuchokera kuwala. Kamalondola kuwalako chifukwa kamapanga chakudya chake ndi dzuwa, monga achitira masamba a mbewu. Kukakhala mdima kwa nthawi yaitali, kamayamwa zowola zosungunuka m'madzi. Kamaswana podzigawa pawiri, ndipo madzi akaphwa kamadzikuta m'chikhokho kudikira mvula.

Kuopsa kuli pati?

Mitundu yambiri ya Euglena siidwalitsa munthu. Choopsa ndi chimene chaidyetsa. Imachuluka m'madzi odikha amene mwalowa ndowe za ziweto, chimbudzi cha anthu kapena feteleza wokokoloka m'munda. Kumene kwadzera ndowe ndi chimbudzi n'kumenenso kumadzera tizilombo ta kolera, kamwazi ndi matenda ena otsegula m'mimba.

Mtundu wina, Euglena sanguinea, umafiiritsa pamwamba pa madzi dzuwa likaswa mtengo, ndipo umatulutsa poizoni wopha nsomba. Palinso ndere zina zobiriwira modera ku buluu, zomwe poizoni wake satha ngakhale madzi muwawiritse. Ndi maso okha simungasiyanitse zoopsa ndi zosaopsa.

Zoyenera kuchita

1. Musamwe kapena kuphikira madzi obiriwira, ofiira kapena a thovu pamwamba. Tungani pa mjigo, pa mpopi kapena pa chitsime chotetezedwa.

2. Madzi akumwa muziwawiritsa mpaka abwate kwa mphindi imodzi, kapena thirani klorini monga akulangizirani alangizi a zaumoyo, n'kudikira mphindi 30.

3. Sungani madzi mu ndowa yotsuka bwino ndi yovindikira, pamthunzi.

4. Chimbudzi ndi khola zikhale mamita 30 kapena kuposerapo kuchokera pa chitsime, ndiponso kumunsi kwake.

5. Ana asasambe pa dziwe la madzi obiriwira kapena ofiira, ziweto zisamwepo, ndipo nsomba zimene mwazipeza zitafa kale musadye.

Wina akayamba kutsegula m'mimba, m'patseni Thanzi ORS nthawi yomweyo ndipo thamangirani naye kuchipatala. Mukaona madzi a m'mudzi mwanu asintha mtundu, dziwitsani amfumu ndi alangizi a zaumoyo tsiku lomwelo.